Khomo la Chipinda cha Amayi

9 Febuluwale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili moyo, kungoti kuzizira kwandiumitsa zala, ndipo ntchito yosamala okalambayi siipereka mpata wopuma. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni ine ndi inu sitichedwa kudulana mawu, komanso manambala a pa foni amauluka.

Chigwereni Amayi m'bafa n'kuthyoka chiuno, tulo sindikutiona. Ali chigonere m'chipinda chija cha kawindo kamodzi, ndipo ine ndikudziwa chimene bedi limachita kwa munthu wamkulu. Limayamba ndi zilonda, kenako mawondo amauma, kenako chifuwa. Amayi ayenera kutuluka m'chipindamo, azikhala pakhonde, aziona anthu, miyendo isaiwale ntchito yake.

Ndapeza sitolo yogulitsa mipando ya matayala, ija timati wilitcheya. Mipandoyi ili ndi masaizi ngati nsapato, ndiye ndikufuna mundiyezere zinthu izi: m'lifupi mwa chiuno cha Amayi, khomo la chipinda chawo, kolido, ndi sitepe yotsikira pakhonde. Kwa kalipentala ngati inu imeneyi si ntchito. Chonde mulembe masentimita. Mainchi amene anakuphunzitsani malemu Abambo aja asiyeni kushedi, kuno munthu ukatchula inchi amakuyang'ana ngati wadzuka kumanda.

Mundiuzenso ngati mankhwala amene ndinatumiza aja anafika, chifukwa palibe amene wanenapo kanthu.

Ine mlongo wanu.

2 Malichi

Mlongo wanga,

Kalata yako ndalandira. Ife tadzuka, ana ali kusukulu, mlamu wako akupereka moni. Mankhwala anafika, sitinagulitse.

Za miyeso zija zavuta pang'ono. Ndinalowa m'chipinda cha Amayi tepi ili m'manja, monga unalamulira. Nditangoisolola, Amayi anakoka bulangete mpaka m'khosi n'kunena kuti, “Wabwera kudzandiyeza bokosi ndili moyo? Wakutuma ndani?” Usaiwale kuti kushedi kwanga theka la ntchito ndi mabokosi a maliro, ndipo Amayi aona tepi imeneyi ikugwira ntchito yake kuyambira nthawi ya Abambo. Ndinafotokoza za mpando, sanamve. Tsiku limenelo anakana chakudya chochokera m'manja mwanga. Tsopano ndikati ndilowe, amayamba aona m'matumba mwa ovolosi yanga.

Za masentimita usandiphunzitse. Matabwa ndimagula m'mainchi, mabolodi amabwera m'mamilimita, ndipo tepi yanga ili ndi zonse ziwiri, uku ndi uku. Ndimadumpha pakati pa ziwirizi tsiku lonse osagwa. Inchi imodzi ndi masentimita awiri ndi hafu, basi. Palibe kabati imene inabwezedwa chifukwa cha masamu amenewa.

Koma ndili ndi funso. Chiuno cha Amayi ndikumva, chifukwa ndicho chikhale pampandopo. Nanga kolido ndi khonde zikulowa bwanji? Ulendo watha uja mwamuna wako anazungulira nyumba ino akujambula zithunzi, kutsogolo, kumbuyo, mpaka denga. Anandifunsanso kuti puloti ino ndi yaikulu bwanji, ndiponso mapepala ake amasunga ndani. Ndinangoti ndi chidwi cha mlendo. Lero iwe ukufuna miyeso ya makomo ndi makolido. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, mlongo wanga.

Usapite m'mbali. Ngati nyumba ya Amayi mwaipezera wogula, nena, kuti ndiyambe kufuna kopita ndi benchi langa.

Ine mchimwene wako.

20 Malichi

Achimwene,

Moni kwa nonse. Ndawerenga kalata yanu kawiri, ndipo kachiwiriko ndinachita kukhala pansi.

Ine ndigulitse nyumba Amayi ali momwemo? Zithunzi zija bambo a kuno anajambulira ana athu, amene kwawo kwa mayi wawo amakudziwira pa foni. Za mapepala anafunsa chifukwa amadziwa kuti inu mumasunga zinthu zofunika m'chitini cha misomali. Khomo ndikulifuna chifukwa mpando uyenera kudutsapo. Mwana wa sukulu angamve zimenezi.

Popeza mwayamba mafunso, nanenso ndili nawo. Wina wanditsina khutu kuti pabalaza padzaza matabwa mpaka kuwindo, ndipo pakhonde pamene Amayi ankakhala mwaimikapo zitseko zopaka vanishi kuti ziume. Ndiye Amayi akatuluka akakhala pati? Kapena zikukukomerani kuti ali m'chipinda, nyumba yonse yasanduka shedi yanu? Komanso ndikaimba foni mumati agona. M'mawa agona, masana agona. Achimwene, kodi Amayi ali bwanji kwenikweni? Ngati pali chimene mukundibisa, dziwani kuti chidzaululika, ndipo sindidzakukhululukirani.

Munthu amene amayeza kabati ya mlendo mpaka kamilimita akulephera bwanji kuyeza mayi wake? Apatseni alamu tepiyo ayeze powasambitsa. Ndiponso masamu anu a awiri ndi hafu aja ndi a kushedi. Inchi ndi 2.54. Kanayi kakumapetoko kamaoneka kachabechabe, koma kakachuluka kamalepheretsa zinthu. Ngati masentimita akukuvutani, tumizani mainchi omwewo, ndisintha ndekha pa kalikuleta.

Mwezi wina wapita. Mawondo a Amayi sakudikira kuti ife tigwirizane.

Ine mlongo wanu.

15 Epulo

Mlongo wanga,

Tili bwino, kupatula Amayi amene ali monga unawasiyira m'kalata yako yoyamba. Sindikubisa kanthu. Amagona masana chifukwa m'chipindamo mulibe china chochita.

Matabwa ali pabalaza n'zoona. Denga la shedi likudontha, ndipo thabwa likanyowa limapindika. Amene anakutsina khutuyo umuuze abwere adzandithandize kukhoma malata, popeza maso ake ndi akuthwa.

Mlamu wako anayesa ndi tepi, Amayi anamuthamangitsa. Anayesa ndi chingwe, anati chingwe ndi tepi n'chimodzimodzi. Ndiye ndinachita nzeru zina. Ukukumbukira benchi la pakhonde limene Amayi akhalapo zaka zonsezi akusoka? Pamalo pawo thabwa linasalala n'kuda, moti chizindikiro chikuoneka bwino lomwe. Ndayeza pamenepo. Lemba 18. Amenewo ndi mainchi, ndipo kwanuko ndi 45.

Za khomo ndi kolido sindiyeza. Ndaganiza mofatsa, ndaona kuti nkhani si miyeso ayi. Lero Amayi sangapite kulikonse, ndiye palibe angawatengere ku ofesi ya loya. Mawa akakhala pa matayala, munthu mmodzi yekha akhoza kuwakankha mpaka pa desiki n'kuwagwiritsa cholembera. Amayi akatopa amavomera chilichonse kuti uwasiye. Mwamuna wako anandiuza yekha kuti puloti ngati ino, pafupi ndi msewu, “ikungowonongeka.” Mawu amenewo sindinawaiwale. Ine pano ndi pogona panga, ndi podyera pa ana anga, ndipo ndine amene ndimamva Amayi akabuula.

Mpando tumiza ngati ukufuna. Khomo ndi khomo, anthu akhala akudutsapo chimangireni nyumba ino. Ukadzabwera udzayeze wekha ndi kalikuleta yako, ine ndili pomwepo.

Ine mchimwene wako.

6 Meyi

Achimwene,

Moni. Sindiyankha za loya, chifukwa ndikayankha ndilemba mawu amene sadzafufutika.

Mpando ndagula ndipo uli m'njira. Mainchi 18 anu aja si 45 monga mukunenera. Ndi 45.7. Kusitolo kuli saizi 40, 45 ndi 50. Munthu wa 45.7 sangalowe mu 45, chitsulo chingamamudye m'chiuno momwe muli bala, ndiye ndatenga 50. Komanso ndikukudziwani, Achimwene. Munthu wozolowera kusunga thabwa amayeza moumira, ndiye ndaona kuti kuli bwino utsale malo kusiyana n'kuthina.

Za khomo mwakana, ndiye ndayeza makomo a kuno, a kunyumba ndi a kuntchito. Onse ndi 80 kapena kuposa. Mpandowu ndi matayala omwe ndi 70. Ndikakumbukira chipinda cha Amayi, ndimaona khomo lalikulu bwino, tinkadutsapo awiri tikuthamangitsana.

Ukafika mundijambulire Amayi ali pakhonde. Ndikufuna chithunzi chooneka nkhope ndi msewu kumbuyo, osati mawu.

Ine mlongo wanu.

11 Julayi

Mlongo wanga,

Moni. Katundu wako anachedwa m'njira, koma wafika. Ndi wokongola, wonyezimira, ana a m'dera lino anabwera kudzaonerera. Chithunzi cha pakhonde palibe, chifukwa mpando wako sukudutsa pakhomo.

Tinaupinda n'kuulowetsa m'chipinda. Nesi amene amabwera kudzatsuka bala anatithandiza kuwatsetseretsa Amayi kuchoka pabedi. Anakhala bwinobwino, anauza mlamu wako awamange duku latsopano lija, anafunsanso nsapato. Ndinawakankha mpaka pakhomo, matayala n'kugunda felemu uku ndi uku. Ndinayesa chopendekera, ndinachotsa chitseko ndi mahinjesi omwe, osatheka. Khomo ndi mainchi 26. Mpando wako ndi 27 ndi hafu. Amayi anakhala pamenepo akuyang'ana kuwala kwa m'kolido, kenako anati, “Ndibwezere pabedi.” Nsapato anavula okha ndi chala cha mwendo winawo. Mtima unandiwawa kuposa tsiku limene anagwa.

Kuwanyamula m'manja nesi waletsa, akuti chiuno chingaguluke pamene chinayamba kugwirana. Tinayesapo kamodzi iye asanaletse, ndipo kukuwa kwake sindifuna kukumvanso.

Ndinakuuza 45. Ukanamvera, mpando wonse ukanakhala 65 ndipo ukanadutsa, ngakhale mokhula. Komanso 18 uja anali kale ndi malo opumira. Pabenchi ndinapeza 16, ndinawonjezera awiri monga amachitira kalipentala aliyense, pakuti thabwa lalitali umadula koma lalifupi sungalikoke. Ndinatero podziwanso kuti masamu a pa kalikuleta amadya zinthu. Iwe n'kudzawonjezera pamwamba pa zowonjezera. Amayi aonda, akukhala mumpandomo ngati supuni m'kapu. Pamene tinkadutsa awiri pakhomo lija, iwe unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Felemu ndi yachitsulo, Abambo anaimangira m'khoma ndi simenti. Kuti ichoke, khoma ligumulidwe. Tsono ndikudzifunsa: munthu wodziwa 2.54 angalakwitse chonchi mwangozi? Kapena ukufuna ndigumule ndekha nyumba ya Abambo, mng'alu ukwere mpaka kudenga, kuti mawa mudzanene kuti nyumba yatha, tigulitse? Sindikhudza khoma limeneli mpaka undilembere, mwamuna wako asayinire pansi, kuti pulotiyi simukuifuna.

Ine mchimwene wako.

26 Julayi

Achimwene,

Moni ndikupereka kwa alamu ndi ana. Inu mudzipatse nokha.

Ndinakupemphani muyeso wa khomo kuyambira Febuluwale. Munali nawo m'mutu nthawi yonseyi, chifukwa kalipentala sadutsa pakhomo osadziwa kukula kwake. Ndinakulemberani kuti mpando ndi 70. Pa masamu anu omwewo a awiri ndi hafu, mukanaona tsiku lomwelo kuti sudutsa, mukanaimba foni ndikanausintha usananyamuke. Munakhala chete miyezi iwiri. Munawonjezera mainchi awiri osandiuza. Ndiye wolakwitsa dala ndani pamenepa?

Ndiponso 26 ameneyo sindikumukhulupirira. Ndikufuna chithunzi cha tepi itatambasulidwa pakhomopo, mbali ya masentimita, manambala akuoneka. Popanda chimenecho, ndalama za simenti yokonzera khomalo sinditumiza. Chikalata chimene mukufunacho simudzachiona. Sindingasayinire kuti sindine wakuba pa nyumba imene ndinabadwiramo.

Zoti Amayi anavala nsapato n'kuzivulanso mwandilembera kuti ndilire, ndipo ndalira. Mwakhutira?

Ine mlongo wanu.

30 Ogasiti

Alamu,

Moni wochokera kwa ine mkazi wa achimwene anu. Sindinakulemberenipo kalata chikwatiwireni, ndiye mukhululuke zolemba zanga. Ana ali bwino. Makalata anu onse ndawamva, ndi mayankho omwe, chifukwa bambo a kuno amawerenga mokweza akakwiya.

Ine za mainchi ndi masentimita sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'choti ndine amene ndimatembenuza Amayi, kuwasambitsa ndi kutaya mtsuko. Kalata yanu yomaliza itafika, achimwene anu anaiika m'thumba n'kunena kuti chithunzi satumiza, chifukwa munthu wosakhulupirira mawu sangakhulupirirenso chithunzi. Mwezi wonse mpando unali m'chipinda moyang'ana khomo. Amayi ankayanikapo thawulo.

Lolemba lapitalo ndikuwapaka mafuta kumsana anandifunsa kuti, “Kodi nkhani ya khoma ija ili pati?” Ndinati ikudikira kalata. Anati, “Nyumba ino ndi ya kalata kapena ndi yanga? Katenge hamala.” Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinawafunditsa nsalu yonyowa chifukwa cha fumbi, ndinatenga hamala yaikulu ija kushedi, ndinayamba kumenya m'mbali mwa felemu. Amayi ndiwo ankalamula ali pabedi, “Pamwamba pang'ono. Usaope, njerwa zimenezo ndinasenza ndine.”

Achimwene anu anabwera akuthamanga, puleni yopalira matabwa ili m'manja. Anaima n'kuona dzenje, anaona Amayi, anaona ine. Ndinkayembekeza mkuntho. Anangoti, “Ukumenya polakwika, ugwetsa lintala ya pamwamba pa khomo.” Anandilanda hamala n'kupitiriza okha. Anachirikiza pamwamba ndi mitengo, anazula felemu yachitsulo ija, n'kukhoma ina yathabwa. Matabwa a pabalaza aja ndi amene anagwira ntchito. Khoma silinang'aluke. Akuti ndikuuzeni kuti khomo latsopano ndi mainchi 36, kwanuko 90, ndipo ngati ndi 91 musinthe nokha.

Lachisanu Amayi anatuluka. Tinawaika mapilo awiri uku ndi uku kuti asagwere mbali. Tinachotsa zitseko za vanishi pakhonde. Kuwala kunawalasa m'maso, anatsinzina nthawi yaitali, kenako anayamba kuwerenga zosintha: golosale ya patsidya yapakidwa penti ina, mtengo wa pageti wadulidwa, mwana wa aneba amene anamusiya akukwawa akuyenda. Anthu odutsa anaima kudzawapatsa moni, ena ankaganiza kuti anamwalira kale koma sanamve uthenga. Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Achimwene anu analowa kushedi n'kuyatsa makina opanda thabwa, ndikudziwa kuti ankalira.

Tsono pali zina zimene sananene kuti ndikuuzeni, koma ndikuuzani. Nesi anabwera tsiku lomwelo, anayesa kuwongola miyendo ya Amayi ali pampando. Mawondo akana. Akuti auma chopindika, ndipo sadzapondanso pansi. Ndinamufunsa ngati zikanatheka kale. Anati mwezi wa Malichi kapena Epulo akanayamba kuwaimiritsa pang'onopang'ono pakhonde pomwepa, atagwira chipilala. Achimwene anu anali pomwepo, anamva. Inunso mwamva tsopano. Sindikuloza chala munthu, ine ndine wobwera, koma zandipweteka chifukwa miyendo imeneyi ndaisisita ndi manja anga ikuuma.

Amayi anamvanso. Anangosisita bondo n'kufunsa ngati kunja kuno angamagonekonso masana. Za loya ndi puloti anati aliyense wofuna nyumbayi adikire, mwini wake akadali pakhonde.

Chithunzi chili m'kalata muno, nkhope ndi msewu monga munafunira. Ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anaganiza pang'ono, akuyang'ana geti, ndipo anati ndilembe momwe anenera, osakonza:

“Umuuze kuti mpando wake ndaulandira, ndathokoza. Umuuzenso kuti khomo talikulitsa. Iye ndi sutikesi yake akwanapo, asachite kutumiza munthu kuti ayeze.”

Ine mlamu wanu.